Mapolipu ofalikira ngati kapinga m'thanki ya makorali: mafunso ndi mayankho

Amene anazolowera kusunga mbuna za m'nyanja ya Malawi m'thanki ya galasi, akayamba thanki ya madzi amchere amakumana ndi vuto lachilendo. Kwa mbuna chovutitsa ndi ndewu za nsomba ndi ndere za pagalasi. M'thanki ya makorali chokusowetsani tulo chimatha kukhala kanthu kongokhala phee pamwala, kooneka ngati kaduwa, kamene lero n'kamodzi koma ikatha miyezi itatu mupeza kali paliponse, mpaka m'mapaipi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anzanga osunga makorali amandifunsa kawirikawiri. Pa onsewa ndimayamba ndi mawu amodzi: musakakhudze musanadziwe dzina lake. Njira imene imapha kena imachulukitsa kanzake, ndipo pali mtundu umodzi umene ukhoza kukugonekani m'chipatala inu pamodzi ndi ana anu.

Kodi polipu n'chiyani, nanga mphamvu zofalikira chonchi amazitenga kuti?

Polipu si chomera, ngakhale maso amanena kuti ndi duwa. Ndi nyama, m'bale wake wa jellyfish. Thupi lake lili ngati kathumba komata pamwala, ndipo pakamwa pake pazunguliridwa ndi timanja tokhala ndi mbola zosaoneka ndi maso. Korali imene mumagula m'sitolo kawirikawiri ndi mudzi wa mapolipu ambiri okhala pamodzi, pomwe anemone ndi polipu mmodzi wokhala payekha.

Ambiri mwa ovutitsawa amadyera mbali ziwiri. M'thupi mwawo mumakhala tindere totchedwa zooxanthellae timene timawapangira chakudya kuchokera ku kuwala, ndipo pa nthawi yomweyo ena amagwira ndi timanja tawo zotsalira za nsomba. Kuberekana sadikira mnzawo. Wina amaphukira m'mbali, wina amadzigawa pakati, wina amayala mphasa ya mnofu pamwala n'kumatulutsirapo ana. Kunyanja kuli nsomba ndi nkhono zowadya, kuli mafunde, kuli oyandikana nawo olimbirana malo. M'thanki mwanu muli nyali zowala tsiku lililonse, madzi a madigiri 25 chaka chonse, chakudya chosaphonya, ndipo owadyawo mulibe.

Ndaona tinthu tikumera pamwala. Ndiyambire pati kuti nditidziwe?

Zimitsani mapampu kuti madzi adikhe, tengani tochi, ndipo ngati muli ndi foni jambulani pafupi n'kukulitsa chithunzicho. Chitani zimenezi nyali zoyera zikuyaka, chifukwa nyali za buluu zimanamiza mitundu. Kenako werengani timanja ta polipu mmodzi.

Mukapeza timanja 8 ndendende, makamaka kalikonse kali ndi timphanda m'mbali ngati nthenga, ndiye kuti muli ndi wa m'banja la octocoral. M'banja limeneli ndi mmene muli Xenia, Anthelia, green star polyps ndi clove polyps. Awa mbola zawo n'zofooka. Amapha anzawo powakwera pamwamba ndi kuwatchingira kuwala. Timanja tikakhala tambiri, tosalala, topanda timphanda, ganizirani za anemone kapena zoanthid.

Chachiwiri, yang'anani patsinde. Kodi aliyense waima payekha, kapena alumikizana? Mphasa yofiirira yokuta mwala ndi chizindikiro cha green star polyps. Timitsitsi toyanga pamwala ngati mbatata, n'kumaphuka polipu apa ndi apo, ndi clove polyps. Mabatani athyathyathya oundana pamodzi, a timanja tatifupi m'mphepete, ndi ma zoanthid aja, Zoanthus kapena Palythoa. Woima yekha m'kaphanga ka mwala kawirikawiri ndi anemone.

Chachitatu, khudzani pang'ono ndi kamtengo, osati ndi chala. Aiptasia, anemone yaing'ono yovutitsa m'mathanki, imazimiririka m'bowo m'kuphethira kwa diso. Zoanthid amadzitseka pang'onopang'ono n'kutsala ngati kanjere kofufuma. Ngati kanthuko kalowa m'kachubu kolimba ndipo korona wake amaoneka ngati nthenga, imeneyo ndi nyongolotsi ya feather duster, yabwinobwino, yosefa madzi. Ndaona anthu akupha timeneti ndi mankhwala poganiza kuti ndi Aiptasia, ndipo zimandiwawa, chifukwa n'timene timasonyeza kuti mwala uli ndi moyo.

Bwererani usiku nyali zitazima. Pali zina, monga ma hydroid (timapolipu tina tating'ono toluma), zimene zimatambasuka mumdima mokha.

Aiptasia ndi majano zimasiyana pati?

Aiptasia ndi yabulauni, yoonekera mkati ngati galasi lothimbirira, thupi lalitali, timanja tatitali tosongoka kumapeto. Imayamba yaing'ono kuposa njere ya mpunga koma ikadya bwino imatalika kuyandikira chala. Ikakhala pamalo amdima imayera. Mukaivutitsa imatulutsa tiulusi toyera todzaza ndi mbola. Mtundu wofala m'mathanki akatswiri masiku ano amautcha Exaiptasia diaphana, ngakhale m'masitolo aliyense amangoti Aiptasia.

Majano, yomwenso ndi anemone, ndi yaifupi, yonenepa, kukula kwake ngati chikhadabo, yobiriwira mosakanikirana ndi bulauni, ndipo timanja take n'tobuntha kapena totupa kunsonga. Ambiri amaisekerera poyamba poyesa kuti apeza kamwana ka bubble tip anemone mwaulere. Imachulukana podzigawa pakati ndipo imayenda pamwala.

Zonse ziwiri zimaluma makorali oyandikana nazo mpaka kuwasenda mnofu. Kuzisiyanitsa n'kofunika chifukwa zamoyo zambiri zodya Aiptasia sizikhudza majano.

Ndinaipala ndi mpeni, koma pano zachuluka kuposa kale. Chachitika n'chiyani?

Mwabzala. Aiptasia ikamasuntha imasiya tizidutswa ta phazi lake pamwala, ndipo kachidutswa kalikonse kamasanduka Aiptasia yatsopano m'masiku ochepa. Ndi mmene imaberekera ngakhale musanaikhudze. Mukaipala, kuifinya kapena kuikwecha ndi burashi m'madzi, mwaithandiza ntchito imeneyi n'kupatsa mapampu mbewu zoti amwaze thanki yonse. Zili ngati kuduladula phesi la chinangwa n'kuponya m'munda wonyowa.

Inenso ndinayambira pomwepo. Pamwala wina umene ndinagula kwa munthu wosiya ntchitoyi panali ziwiri zokha, ndinazikwecha ndi mswachi, ndipo chaka chonse chotsatira ndinachithera pothana ndi ana ake.

Nanga ndiiphe bwanji?

Ngati zili zochepa ndipo mwalawo ndi wonyamulika, utulutseni m'thanki n'kugumula ndi tchizulo kachigawo kamene pali Aiptasia, phazi lake lichoke pamodzi ndi mwala. Palibe njira yodalirika kuposa imeneyi. Ikakhala pa plug (kachitsinde kamene ogulitsa amamatapo korali) ya korali imene mwangogula, chotsani korali n'kutaya plug.

Ngati mwala sungatuluke, ambiri amagwiritsa ntchito kalkwasser, laimu yemwe uja wa calcium hydroxide amene timawonjezera kashiamu m'thanki. Mumamukanda ndi madzi pang'ono akhale ngati phala lolimba, n'kumuika m'sirinji yopanda singano. Palinso ogulitsidwa okonzeratu monga Aiptasia-X wa kampani ya Red Sea, Joe's Juice ndi F-Aiptasia. Kachitidwe kake n'kamodzi. Zimitsani mapampu onse. Yandikirani modekha kuti isathawire m'bowo, isiyeni igwire nsonga ya sirinji ngati chakudya, kenako finyani pang'onopang'ono pakamwa pake mpaka yonse itakutidwa. Dikirani mphindi 15 kapena kuposerapo musanayatse mapampu, ndipo samalani kuti phalalo lisagwere pa korali, chifukwa limawotcha.

Musaphe zonse tsiku limodzi. Kalkwasser amakweza pH ndi alkalinity (miyeso yokhudza asidi wa m'madzi), ndipo m'thanki yaing'ono kukwerako kumavulaza makorali kuposa mmene Aiptasia ikanachitira. Zochepa lero, zina mkuja. Valaninso magalasi oteteza maso pokanda laimuyu.

Ena amabaya madzi a mandimu kapena viniga, ena amamata bowo lonse ndi supaguluu wa jelo kapena epoxy. Zimagwira nthawi zina, koma mwala wa m'nyanja uli ndi mabowo olumikizana mkati, ndiye Aiptasia imatha kutulukira khomo lina. Kunena zoona, njira zonse za sirinji zimangopha zimene maso anu akuona. Mukawerenga 20, dziwani kuti kuseri kwa miyala, m'bokosi losefukira madzi ndi mu sump (thanki yosefera madzi ya pansi pa thanki yaikulu) muli zinanso, ndipo apa m'pamene pamafunika chamoyo chozisaka.

Kwa majano zinthu zimapepukirako. Simalowa m'bowo ngati Aiptasia, choncho mwala ukakhala kunja mukhoza kuinyamula phazi lonse ndi kopanira. Ikakana, kalkwasser amagwiranso.

Ndi zamoyo ziti zimene zimadyadi Aiptasia?

Zodziwika zilipo zinayi, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake woti mulipire.

Chimene ndimachidalira kwambiri ndi Berghia, kankhono kopanda chigoba, koyera, kotalika masentimita awiri kapena atatu, kokhala ndi timanyenje pamsana. Dzina lake lonse ndi Berghia stephanieae, ndipo timene timagulitsidwa n'toberekera m'mathanki. Ubwino wake ndi wakuti sikadya china chilichonse, koma Aiptasia basi. Makorali anu kaya nsomba sikaziyang'ana n'komwe. Kamalowa m'ming'alu momwe sirinji singafike n'kudya Aiptasia yonse ndi phazi lomwe. Kuipa kwake kuli pomweponso: Aiptasia ikatha, kamafa ndi njala, choncho konzekeranitu mnzanu woti mudzamupatse.

Anthu ambiri amakhumudwa ndi Berghia chifukwa chosadekha. Amagula, kuika m'thanki, osationanso, n'kunena kuti anawabera ndalama. Timeneti timayenda usiku. Ntchito yaikulu sagwira ndi timene munagulato ayi, koma ana ake. Timaikira mazira oyera opiringizika ngati kata kuseri kwa miyala, ndipo pamatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti gulu likule mpaka muone kusintha. Apa mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umakwanira ndendende. Musagule kamodzi kokha, chifukwa timafunika kukumana kuti tiberekane. Tiikeni pamodzi, usiku, mapampu atachepetsedwa mphamvu, pafupi ndi Aiptasia yaing'ono koma osati pamwamba pake. Ndipo ngati muli ndi nsomba za wrasse zosaka m'miyala kapena peppermint shrimp, dziwani kuti zikhoza kutidya tisanayambe ntchito.

Peppermint shrimp ndiye wachiwiri, wotsika mtengo komanso wosavuta kupeza. Chovuta n'chakuti dzina limodzili limatchulidwira mitundu ingapo ya Lysmata yofanana kwambiri, monga Lysmata wurdemanni ndi Lysmata boggessi, ndipo sikuti yonse imakonda Aiptasia mofanana. Akamakhuta chakudya cha nsomba sagwira ntchito, ndipo Aiptasia zikuluzikulu amaziopa. Chenjerani ndi camel shrimp, wa linunda pamsana ndi mizere yoyera yowala, amene dzina lake la sayansi, Rhynchocinetes durbanensis, linachokera ku mzinda wa Durban. Ameneyu Aiptasia sadya, koma makorali ofewa amawadya.

Wachitatu ndi nsomba ya filefish, Acreichthys tomentosus. Ndi yolimba, siikula kwambiri, ndipo zina zimadyako majano. Koma ina imatha milungu osakhudza Aiptasia, ndipo ina ikamaliza imatembenukira ku ma zoanthid ndi makorali a mnofu wambiri. Muziiyang'anitsitsa.

Wachinayi, copperband butterflyfish, Chelmon rostratus, ndimapempha anthu kuti asaigule chifukwa cha Aiptasia yokha. Ndi nsomba yokongola ya mlomo wautali, koma yovuta kuidyetsa, imafuna thanki yaikulu, ndipo zambiri zimafa ndi njala m'manja mwa oyamba kumene. Si chida choti mugwiritse ntchito n'kutaya. Ngati simunakonzeke kuisamala zaka zambiri, isiyeni m'sitolo.

Green star polyps ndi Xenia ndinachita kugula ndekha. Bwanji pano zikundilanda thanki?

Chifukwa chimene amazigulitsira kwa oyamba ndi chomwechonso chimene zimavutira: sizifa wamba. Green star polyps, a mtundu wa Briareum, akamagwedezeka m'madzi amaoneka ngati bwalo la kapinga wothiriridwa bwino, ndipo khalidwe lawo ndi la kapinga yemweyo. Mphasa yawo yofiirira imakwawa pa chilichonse chimene yagunda, mwala, galasi, paipi, ngakhale tsinde la korali yamoyo. Xenia, amene timanja take timatseka ndi kutsegula ngati munthu akuwomba m'manja, amayenda mwa njira ina. Tsinde limaweramira pamwala wapafupi, kumata, n'kuduka pakati, ndipo gulu lonse limakonda kukwera kulondola kuwala. Korali yofewa ya Kenya tree nayo imagwetsa nthambi zake zokha, nthambizo n'kukamera kumene madzi azitayira.

Sindikunena kuti musazisunge. Ine ndimazikonda. Nkhani ndi malo. Ziikeni pamwala wawo wawokha, pakati pa mchenga, wosagundana ndi miyala ina ngakhale pang'ono, ngati chilumba. Mphasa ikayamba kutsetserekera pamchenga, idulireni pomwepo ndi sizasi, chifukwa pamchenga siigwira zolimba. Ena amaziika pagalasi lakumbuyo, pomwe lezala limafika mosavuta.

Ngati zafika kale pamiyala ikuluikulu, ntchito ilipo. Green star polyps pamalo osalala amasendeka ngati chikopa mukayamba kunyamula m'mphepete, koma pamwala wa mabowo amasiya tizidutswa timene timaphukanso. Xenia mugwireni patsinde penipeni ndi kopanira, mupotoze pang'onopang'ono mpaka atazuka, kwinaku paipi yokoka madzi ili pafupi kuti iyamwe zonyenyeka. Kumudula pakati n'kutaya nthawi, chitsa chimaphuka. Potsala mnofu pakanipo kalkwasser kapena matanipo epoxy. Mukamaliza ikani kaboni watsopano m'sefa ndipo sinthani madzi ena, chifukwa makorali ofewa akavulazidwa amatulutsa mamina ndi mankhwala osautsa anzawo. Fungo la Xenia m'manja limakhalitsa, ndiye valani magolovesi.

Musanachite chilichonse cha izi, yang'anani bwino ngati pakati pawo sipanabisale Palythoa.

Nanga timapolipu tating'onoting'ono ta buluu timene tikumera ngakhale patali ndi pomwe ndinatiika?

Timeneto ndi blue clove polyps, ndipo nzeru ya chilumba ija kwa ito siigwira. Timamwazika ndi madzi n'kukamera mbali ina ya thanki. Tikakhazikika timakuta mwala uliwonse ngati nsalu, ndipo n'tating'ono kwambiri moti kutizula ndi manja n'kosatheka. Ngati mwationa pamwala umodzi, chotsani mwalawo lero. Wina akakupatsani mwaulere, thokozani koma musalandire.

Ma hydroid ndi oopsa?

Zimatengera mtundu. Timadontho toyera tooneka ngati nyenyezi pagalasi la thanki yatsopano kawirikawiri timatha tokha pakapita milungu. Digitate hydroids, tiulusi tatitali toyera totuluka m'mwala usiku n'kumagwedera, timaluma korali imene tayandikana nayo koma nthawi zambiri timachepa mukachepetsa chakudya cha fumbi chimene mumamwaza m'madzi. Ovuta ndi a m'magulu, timachubu tabulauni tolimba toima mothinana ngati burashi. Amenewa mizu yawo imalowa m'mwala, ndipo kuwazula kumangowadula mitu. Tulutsani mwala mugumule chigawocho, kapena chikwirireni ndi epoxy mopitirira malire ake.

Ndamva kuti Palythoa ali ndi poizoni. N'zoona kapena n'kungoopsezana?

N'zoona, ndipo pa tsamba lonseli yankho ili ndi limene ndikufuna muliwerenge kawiri.

Poizoniyo amatchedwa palytoxin. Anthu a ku Hana, pachilumba cha Maui ku Hawaii, ankamudziwa kalekale. Ankati m'dziwe lina la m'mphepete mwa nyanja muli "limu make o Hana", ndere yakupha ya ku Hana, imene ankapaka kunsonga za mikondo. Mu 1971 akatswiri awiri a pa University of Hawaii, Richard Moore ndi Paul Scheuer, anafalitsa zoti apatula poizoniyo kuchokera ku chamoyocho, chimene sichinali ndere koma polipu, Palythoa toxica. Ndi mmodzi mwa mapoizoni amphamvu kwambiri odziwika m'chilengedwe. Amawononga kapampu kamene kamayendetsa sodium ndi potassium pakhungu la maselo a thupi, n'kukasandutsa bowo longotseguka. Mankhwala omuthetsa m'thupi kulibe. Kuchipatala amangothandiza thupi kupirira mpaka atatha mphamvu.

Sikuti Palythoa aliyense ali naye wochuluka, koma ndi maso simungadziwe. Mu 2011 ofufuza ku America anafalitsa zoti anamupeza wambiri mwa Palythoa ena ogulidwa m'masitolo wamba a nsomba. Mu 2015 bungwe la boma la America loona za matenda la CDC linalemba za anthu a ku Alaska amene anadwala atapuma mpweya wa m'nyumba ndi m'sitolo momwe munali mapolipuwa. Ndipo mu 2018 ku Oxfordshire ku England banja lina linathamangira nalo kuchipatala, pamodzi ndi ena mwa ozimitsa moto amene anabwera kudzathandiza, mmodzi wa pabanjapo atatsuka mwala wa m'thanki.

Okayikitsa kwambiri ndi aja abulauni kapena obiriwira mothimbirira, a nkhope zazikulu, a khungu lokhakhala chifukwa amalowetsa mchenga m'mnofu wawo, omwenso ndi amene amafalikira msanga n'kumutopetsa munthu mpaka kufuna kuwakwecha. Poizoni amalowera pabala la pakhungu, m'maso polipu akathovola madzi, m'kamwa, ndiponso popuma nthunzi kapena timadontho touluka.

Choncho powagwira valani magolovesi aatali, magalasi oteteza maso ndi chophimba pakamwa ndi mphuno. Tsegulani mawindo. Ana, agalu ndi amphaka akhale kutali. Musawakweche ndi burashi pamtunda, musawadule ndi makina ozungulira, musawapopere madzi amphamvu, musawawotche ndi moto. Njira yabwino ndi kuchotsa mwala wonse n'kuumiza m'ndowa ya madzi osakaniza ndi Jik wamba wopanda fungo lowonjezera, panja, chifukwa klorini amawononga poizoniyu. Zida, matawulo ndi pamalo pamene munagwirira ntchito pukutaninso ndi Jik.

Mukamva kuwawa kapena kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kutsokomola, kubanika, kutentha thupi, kuphwanya kwa minofu, dzanzi, kapena mkodzo ukada, mutangogwira ntchito m'thanki, pitani kuchipatala msanga. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali ndipo pitanibe. Dokotala muuzeni mawu akuti palytoxin, mumulembere papepala, chifukwa madokotala ambiri sanakumanepo nazo ndipo zizindikirozi zimafanana ndi chimfine.

Ndingawiritse mwala kapena kuuthira madzi otentha kuti zonse zife?

Ayi. Kutentha sikuwononga palytoxin, kumangomukweza m'nthunzi kuti nyumba yonse imupume. Ambiri mwa amene anadwala kwambiri anadwalira pamenepa. Ngakhale mukuona ngati pamwalapo palibe Palythoa, mmodzi wotsekeka m'mng'alu simungamuone.

Anzanga akuti mankhwala a njoka zam'mimba a agalu amapha mapolipu. Ndiyese?

Akunena fenbendazole, amene amagulitsidwa ndi dzina la Panacur. N'zoona kuti amapha Xenia, green star polyps, clove polyps ndi ma hydroid ambiri. Koma sasankha. Amaphanso ma gorgonian ndi makorali ena ofewa amene mumafuna kusunga, nyongolotsi za m'miyala, ma feather duster ndi nkhono zina. Zonsezi zikafera pamodzi zimawola n'kukweza ammonia. Amalowereranso m'miyala, moti pakapita miyezi mukhoza kuika Xenia watsopano n'kumuona akusungunuka. Pa Aiptasia sadalirika, ndipo Palythoa sawathetsa.

Sanapangidwire thanki ya makorali. Ine ndimangomuganizira blue clove polyps akakuta zonse ndipo njira zina zakanika, komanso ndimakonda kuthirira m'chidebe chapadera momwe ndasamutsiramo miyala, osati m'thanki yaikulu.

Ndikachepetsa chakudya kapena kuzimitsa nyali masiku angapo, sizingafe zokha?

Kuchepetsa chakudya kumachepetsa liwiro, sikupha. Skimmer (makina ochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu) yogwira bwino, kusintha madzi mokhazikika ndi kudyetsa zimene nsomba zingamalize zimathandiza kuti nitrate ndi phosphate zisakwere, ndipo ma hydroid ndi Aiptasia sizichulukana mothamanga. Koma mukafinya mpaka ziro, oyamba kuvutika ndi makorali anu okwera mtengo. Mdima nawo suthandiza. Aiptasia imakhala miyezi mu sump mopanda kuwala, yoyera mbuu koma yamoyo. Korali wanu wosakhwima ngati Acropora adzafa iyo isanadandaule n'komwe.

Musaseweretsenso mchere kapena kutentha pofuna kuzipha. Siyani mchere pa 1.025 kapena 1.026 pa chida choyezera mchere, kutentha pakati pa madigiri 24 ndi 26, ndipo nkhondoyi muimenyere pamwala.

Ndi liti pamene ndiyenera kungoyambiranso?

Pamene mwala wakutidwa moti malo omata korali yatsopano palibe, kapena pamene chokutacho ndi Palythoa wabulauni. Ngakhale pamenepo, musatulutse miyala yonse tsiku limodzi, chifukwa m'miyalamo ndi mmene mumakhala mabakiteriya osefa zonyansa za nsomba. Tulutsani gawo, liviikeni m'madzi a Jik panja kwa masiku angapo, tsukuluzani kambirimbiri, viikani m'madzi a mankhwala ochotsa klorini, yanikani padzuwa mpaka fungo litatheratu, kenako liviikeninso m'madzi amchere kwa milungu musanalibweze. Jik asakumane ndi viniga kapena asidi wina aliyense, chifukwa zimatulutsa mpweya wakupha. Dziwaninso kuti mwala woyera ukabwerera m'thanki momwe mukadali Aiptasia, udzagwidwanso. Yambani mwathana ndi za mu sump ndi m'mapaipi.

Ndingapewe bwanji kuti zisalowenso?

Pafupifupi zonsezi zimalowa pakhomo limodzi: mwala, plug, chigoba cha nkhono, kapena mpukutu wa ndere za chaeto zimene mnzanu wakugawirani. Mankhwala oviikamo makorali atsopano amachotsa nyongolotsi ndi tizilombo toyenda, koma Aiptasia imangodzikwinya n'kutuluka yamoyo. Choncho korali iliyonse yatsopano ichotseni pa plug yake ngati n'kotheka, dulani tsinde lakufa, n'kuimata pa plug yatsopano. Ngati muli ndi malo, sungani kathanki kena kapadera momwe zatsopano zizikhala mwezi umodzi kapena kuposerapo mukuziunika ndi tochi usiku. Kathanki kameneka n'kotsika mtengo kuyerekeza ndi chaka chothamangitsana ndi sirinji.

Musanagule, yang'anani thanki ya wogulitsayo, osati korali yokhayo. Suzumirani m'makona ndi pansi pa mashelefu. Mukaonamo Aiptasia, chilichonse chochokera m'madzi amenewo chitengeni ngati chili nayo. Ndipo funsani dzina la chimene mukugula ndi mmene chimakulira. Safunsa anadya phula.

Amene muli kufupi ndi nyanja, ku KwaZulu-Natal kapena kugombe la Mozambique, musatole miyala ndi mapolipu m'madziwe a m'mphepete. Palythoa amamera kumeneko mwachilengedwe, kutola zamoyo zam'nyanja ku South Africa kumafuna chilolezo, ndipo malo ngati Sodwana Bay ali m'dera lotetezedwa la iSimangaliso.

Zimene ndazula ndizitaye kuti?

M'nyanja ayi, m'ngalande yopita kunyanja ayi, ngakhale m'chimbudzi cha madzi ayi. Amene anaona zimene namasupuni anachita pamtsinje wa Shire akudziwa mapeto a chinthu chokongola chotayidwa kumalo kopanda ochidya. Ku Venezuela, polipu wa m'banja la Xenia wotchedwa Unomia stolonifera, wochokera kumbali ya Indonesia, analowa m'nyanja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kudzera m'malonda a makorali, ndipo wakuta matanthwe ambiri m'dera lotetezedwa la Mochima n'kupha makorali a kumeneko. Anapezekanso ku Pearl Harbor ku Hawaii, komwe ntchito yomuchotsa yakhala yaikulu.

Xenia ndi green star polyps athanzi mukhoza kupatsa mnzanu kapena kubweza kusitolo, bola mumuuze chilungamo cha mmene amafalikira. Zotsalazo ziviikeni mu Jik usiku wonse, zimangeni m'mapulasitiki awiri, n'kuziponya m'bini yotseka pomwe mwana kapena galu sangafike. Ngati munali Palythoa, magolovesi ndi nsanza zimene munagwiritsa ntchito zilowe m'pulasitiki momwemo, ndipo ndowayo isadzagwirenso ntchito ya kukhitchini.